A Feliciana ndi Konjuntu ya Mkamwini Wawo

Anthu a ku Cassacatiza akamakumbuka a Feliciana amangoti "mayi wa mawu uja," basi nkhani yatha, ayamba za mvula. Zimenezi zimandikwiyitsa. Ine Barnaba ndinawaimbira ng'oma mayi amenewa, khutu langa lamanzere linagonthera pantchito yomweyo, ndiye ngati pali munthu woyenera kufotokoza mbiri yawo ndi ineyo. Amene ali ndi funso adzere mbali yakumanja.

Anabadwira kufupi ndi Mualadzi nthawi ya Apwitikizi. Ku sikola ya a padiri anakhalako miyezi isanu yokha, ndipo anachokako asanadziwe kulemba ngakhale dzina lawo. Chinawachotsa ndi nyimbo. Tsiku loyamba kuyimba nawo m'gereja, a padiri anaimitsa Misa pakati n'kuwauza mwaulemu kuti Mulungu si wogontha. Mtsikanayo anayesa kutsitsa mawu, koma kutsitsa kwakeko kunali kukuwa kwa anthu ena tonsefe. Makolo ataona kuti mphatso yotere ikungowonongeka ku sikola, anawatumiza kumunda kukalondera anyani.

Ntchito imeneyo anakula nayo mpaka kukalamba nayo. Munda wawo unali m'munsi mwa phiri, ndipo akaima pachulu n'kukuwa kamodzi, anyani a m'minda itatu yoyandikana ankabwerera kumapanga osatenga kanthu. Kukagwa maliro sitinkavutika kutuma munthu wa njinga, tinkangowapempha kuti akwere pachulu paja. Anakwatiwa ndi a Alfredo, bambo wofatsa amene anamwalira ndi chifuwa ana akadali aang'ono, ndipo anawasiyira awiri, Octávio ndi mlongo wake Genoveva. Octávio anatengera kukhosi kwa mayi ake n'kuwonjezapo pakamwa poipa. Mnyamata ameneyo sankatha kukupatsa moni osakunyoza. Ngakhale mayi ake omwe ankawalankhula zoti wina akanalandira nazo mbama, iwo n'kumangoti kamwa ngati dzala, uku akumuwonjezera ndiwo.

Tsono kunabwera mkamwini. Sebastião kwawo kunali ku Nsadzo, koma anakhalako zaka zingapo ku Zambia akukonza magalimoto, ndipo n'kumeneko kumene anatengera matenda a roko, nyimbo zija za viyola, gitala yamagetsi yolira ngati chigayo chameza mwala. Atakwatira Genoveva anamanga nyumba pamudzi pa apongozi ake monga mwa mwambo, koma iye ndi khasu sankamwerana madzi. Anasema viyola ya mlombwa, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga, n'kumatapo kachitsulo komvera kochokera m'telefoni yakufa ya pa kantina, sitolo ya mzungu amene anathawa. Waya wake unkapita ku wailesi yakale, wailesiyo inkadya moto wa bateriya ya kamyau, galimoto lalikulu la katundu, ndipo mawu ankatulukira m'sipikala yong'ambika imene anaikhazika pakamwa pa mtsuko. Kung'ambikako ankati n'kofunika kwambiri. Tsiku lina Genoveva anaisoka bwinobwino pofuna kuthandiza mwamuna wake, ndipo m'nyumbamo simunamveke kulankhulana masiku awiri.

Konjuntu yathu, gulu loyimbalo, tinaitcha Mabingu. Sebastião anali pa viyola, ine pa ng'oma za chikopa cha mbuzi ndi chivundikiro cha mgolo, Yonasi pa babatoni wa nsambo imodzi, ndipo woyimba anali Octávio. Mu 1985 tinajambula kaseti yathu yoyamba pa galavadori, kamakina kojambulira mawu, ya a Severino, motorisita woyendetsa kamyau amene ankadutsa malire kawiri pamwezi. Anthu anaikopera ponseponse mpaka inayamba kumveka m'malo omwera mowa amene ife sitinafikeko. M'mudzi mwathu njinga zonse zinali zopanda mabuleki, anthu ankaima ndi chidendene, koma ankatinyadira.

A Feliciana ankati limenelo ndi phokoso la anthu osalima. Koma sanamuuzepo Sebastião maso ndi maso, chifukwa kwathu mpongozi ndi mkamwini amaopana. Ana a masiku ano amangochita mwa dzina, koma awiriwa mwambowu ankautenga ngati unatsika ndi Mose kuphiri. Akakumana panjira, Sebastião ankalumphira m'tchire n'kunjuta chakumbali akuomba m'manja, osayang'ana kaye ngati pali minga. Zaka zisanu ali pabanja, nkhope ya apongozi ake sankaidziwa bwino, ankawazindikira ndi zidendene ndi kapulana, chitenje chawo. Mawu onse ankadzera kwa Genoveva, ngakhale atatu onsewo atakhala pabwalo limodzi.

Nkhondo inatipeza nthawi yokolola, chaka cha 1986. Nsambo ziwiri zinaduka, ndipo Sebastião anatuma Octávio ku Mualadzi kwa wokonza njinga kuti akafune waya wina. Panjira anakumana ndi anthu a mfuti. Sitinadziwe kuti anali a mbali iti, ndipo masiku amenewo funso lotero linkaphetsa. Njinga inapezeka m'mbali mwa msewu gudumu litapindika, mwini wake osaoneka. Ena ankati anamuona atasenzetsedwa matumba, ena ankati anathawa ndi gulu lolowera ku Zambia, ena ankangotiyang'ana mwachisoni. Patapita mwezi mudzi wathu unatenthedwa, ndipo tonse tinasamukira pafupi ndi posito ya pamalire ku Cassacatiza, pamene panali asilikali, amene timati matropa, n'kumanga tinyumba taudzu.

A Feliciana analeka kukuwa. Kunena zoona, zimenezi zinandiopsa kuposa kulira kwa mfuti. Mayi amene moyo wawo wonse sankatha kunong'ona, tsopano unkachita kuwerama kuti umve zimene akunena. Sebastião naye anakulunga viyola m'thumba n'kuitsomeka kudenga, chifukwa ankadziimba mlandu kuti anatuma ndi iye. A Severino ananyamula makalata athu kasanu konse kupita nawo kutsidya, koma misasa ya othawa nkhondo inali yambiri, anthu otchedwa Octávio analinso ambiri. Yankho silinabwere.

A padiri anali atachoka kalekale, ndipo mapemphero ankayendetsa ndi a Mateyo, katekisita wathu, munthu wabwino koma wokonda kuti chinthu chilichonse chikhale pamalo pake. Chaka chilichonse pa 2 Novembro ankawerenga mayina a akufa, ndipo anali ndi kope lake la mayinawo. Chaka choyamba anafuna kulembamo Octávio, a Feliciana anakana kwamtuwagalu. Abale anawapatsa chaka chimodzi, n'kunena kuti Novembro wa 1987 akafika popanda mbiri iliyonse, dzina lilembedwa, mitu imetedwa, maliro atha. Iwo anayankha kuti mutu ndi wawo. Koma ankadziwa okha kuti sangalimbane ndi mbumba yonse kachiwiri, ndipo kwa iwo dzina likangolowa m'kope lija ndiye kuti mwana wawo amupha okha.

Nthawi yachisanu ya 1987 a Severino anabwera ndi nkhani. Anati kaseti yathu yakale ija aimva ikulira pamsika wa msasa wina mkati mwenimweni mwa Zambia, kumene makalata athu sanafike. Anabweranso ndi kaseti imodzi yatsopano yopanda kanthu. Sebastião anaigwira, anaitembenuza, ndipo ndinaona maso ake akudzuka. Octávio anali atasiya nyimbo zisanu ndi ziwiri zimene tinali tisanajambule, zodziwika ndi ife tokha. Anati tikazijambula, kaseti iyenda kumene kalata singafike, ndipo ngati mwini wake ali moyo akazimva adziwa kuti ifenso tilipo. Pachikuto tilemba Mabingu, Cassacatiza, basi. Mayina a anthu ayi, chifukwa pa zotchinga za pamsewu makaseti ankawamvetsera, ndipo dzina la munthu wosowa likanatha kuputira abale ake mavuto. Chinatsala ndi woyimba.

A Mateyo anadzipereka okha. Anayimba nyimbo ya Octávio ya galu wakuba mazira ngati akutsitsa bokosi m'manda, manja atapinda pachifuwa, ndipo pamathero anaikapo Amen. Yonasi mawu ali nawo, koma akamayimba amaiwala babatoni, akakumbukira babatoni amaiwala kupuma. Inenso ndinayesa. Zimene zinachitika sindifotokoza, ndipo ambiri amene anaseka tsiku limenelo anamwalira kale, Mulungu awakhululukire.

Tsiku lachitatu tinabwereranso kwa a Mateyo poti panalibe wina. A Feliciana anali kuseri kwa mpanda waudzu akutong'ola chimanga. M'nyimbo ya galu ija muli pamene Octávio ankakuwa kuti choka, mawu ake n'kung'ambika pakati. A Mateyo atafika pamenepo anamupempha galuyo mofatsa kuti achoke. Abale, kuseri kwa mpanda kunaphulika. Mayi aja anaiyamba pomwepo mpaka kuimaliza ndime yonse, liwu ndi liwu, ife osadziwa n'komwe kuti nyimbozo ankazisunga pamtima zaka zonse zimene ankazinyoza. Nkhuku zinaulukira padenga. Matropa awiri a pa posito analumphira m'dzenje lawo n'kukhalamo mpaka dzuwa kupendeka. Sebastião anagwa chagada pamodzi ndi mpando, kenako ananjuta n'kuyamba kuombera m'manja mtengo wa papaya.

Madzulo ake Genoveva anabwera ndi uthenga. Anati amayi akuti nyimbo za mwana wawo tisaziphe mwini wake asanafe, aziyimba okha. Sebastião anatuluka thukuta nyengo yachisanu. Kukana sakanatha, pakuti mkamwini sakula mwendo, koma kuvomera kwake kunali kotani? Anabwera kwa ine kudzafunsa nzeru, ndipo ndinamuuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Iye anati ndikulankhula choncho chifukwa apongozi anga ali kutali ku Angónia, ndipo sananame.

Vuto lake linali ili. Mu roko woyimba amayang'ana wa viyola: akagwedeza mutu ndiye kuti lowa, akakweza khosi la viyola ndiye kuti leka. Nanga anthu osayang'anana achita bwanji? Tinakonza kuti a Feliciana aziima kuseri kwa mpanda, Sebastião azikhala chofulatira mpandawo, ndipo Genoveva aziima pakati ndi lichero. Sebastião akagwedeza mutu, Genoveva ankakweza lichero pamwamba pa mpanda, mayi ake n'kulowa. Uthengawo poyenda ulendo wonsewo unkachedwa, moti a Feliciana ankalowa m'nyimbo iliyonse ng'oma itadutsa kale theka la phazi. Poyamba ndinkapsa mtima mpaka kuponya timitengo. Kenako khutu linazolowera, ndipo zaka zotsatira ndinamva anyamata a makonjuntu ena akuchedwa dala potitsanzira.

Kuwongolera kunalinso nkhani ina. Mkamwini sanganene kuti apongozi alakwitsa. Sebastião ankaitana mkazi wake n'kumunong'oneza kuti akawauze amayi kuti ayimba bwino kwambiri, moti ngati zingawakomere ayimbenso chimodzimodzi koma mosiyanako pang'ono. Genoveva ankazungulira mpanda n'kunena kuti, "Akuti mwalakwitsa." Yankho linkamveka mpaka ku Zambia, lakuti awauze amuna ake kuti chikulakwa ndi chiwaya chawocho, ndipo munthu amene sadziwa kupalira sangaphunzitse wina kuyimba. Genoveva ankabwerera kwa mwamuna wake, amene wamva zonse ndi makutu ake, n'kumuuza kuti, "Akuti zikomo." Sebastião ankaomba m'manja. Tinachita zimenezi masabata atatu, ndipo Genoveva anaonda.

Tsiku lojambula a Severino anali ndi theka la tsiku lokha, pamene mapepala awo ankadindidwa pa posito. Galavadori yawo inali ndi kakhutu kamodzi kakang'ono, ndiye kuti zonse zimveke mofanana, waphokoso kwambiri ankaima kutali. Tinaikhazika pa mtondo wovundikira pakati pa bwalo. Yonasi anakhala pafupi penipeni, Sebastião ndi mtsuko wake mapazi asanu, ine mapazi khumi pansi pa mango, a Feliciana mapazi makumi atatu kuseri kwa mpanda. A Severino atayesa pa kaseti yawo yakale, kasingano ka galavadori kankagundabe pofiira, ndipo tinanyamula chigawo cha mpanda n'kukachiimika mapazi ena khumi m'munda wa chinangwa. Kaseti inali imodzi, bateriya tinachita kuchotsa m'kamyau yomweyo. Zobwereza panalibe.

Nyimbo zisanu ndi imodzi zinayenda bwino, dzuwa lili paliwombo, lichero likukwera ndi kutsika. Yomaliza inali imene Octávio anaipeka kutatsala masiku ochepa kuti asowe, ya munthu amene akutsika phiri pa njinga yopanda mabuleki akufuula kuti kunyumba amutsegulire chitseko. Ndi nyimbo yoseketsa, kapena tinkaiona choncho. A Feliciana atafika pakati anatseka maso. Mpanda anauiwala, lichero analiiwala, n'kuyamba kuyenda. Genoveva anagwedeza lichero uku ndi uku, anayesa kuwatsekera njira, koma anangomukankhira kumbali osamuona. Anatuluka m'chinangwa muja akuyimba, akulunjika pa galavadori, ngati kuti mwana wawo ali m'kati mwake ndipo akumva movutikira.

Sebastião anali atawerama, akukanda nsambo. Atatsegula maso anaona zidendene ndi kapulana mapazi atatu kuchokera pamene anakhala. Thupi lake linachita zimene linazolowera. Analumphira m'tchire ndi viyola yomwe, koma poti kaseti inkazungulira, zala sizinaleke kuyimba. Waya unakokeka, mtsuko unagwa n'kugubuduzika, kukamwa kwake kunaloza viyola, ndipo panatuluka kulira kumene sindinakumvepo chibadwire. Pamene anagwerapo panali chitedze. Munthu uja ananjuta mmenemo, thupi lonse likuyabwa, akufuna kuombera apongozi m'manja, akufuna kudzikanda, akufuna kumaliza nyimbo, ndipo zonse zitatuzo ankazichitira pa nsambo. Mtsuko unadzaima pafupi ndi phewa langa lamanzere, a Feliciana anadutsanso mbali yomweyo atatsegula kukhosi konse. Ndinamva kuti thi m'mutu, koma ng'oma sindinaisiye, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike.

Anamalizira nyimboyo ataweramira galavadori, misozi ikugwera pa mtondo. A Severino anatseka. Ine ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale tsiku limene tinapeza njinga. Kenako m'tchire munatuluka mawu aang'ono.

"Genoveva, undipepesere kwa amayi. Ndinawatsekera njira."

Titaimvetsera, mbali yomalizayo inali yoposa chilichonse chimene Mabingu anayimbapo. Sebastião ankamvetsera uku mkazi wake akumupaka phulusa ndi mafuta, n'kumafunsa ngati analidi iyeyo. A Severino analemba pachikuto ndi kunyamuka, kapena ndinene kuti anafuna kunyamuka, chifukwa bateriya tinali titaimwa yonse. Kamyau ija tinaikankha mudzi wonse pamodzi ndi matropa, mpaka inakalirira kutsidya kwa malire.

Kenako kunali kudikira. A Feliciana ankapita m'mawa uliwonse kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi chotchinga, akuyang'ana makamyau ochokera ku Zambia. Pofika Setembro mamotorisita ena anayamba kufika kaseti yathu ikulira, koma yokopera pa yokopera inzake, ndipo mapilya, mabatire a wailesi, akafooka mawu ankanenepa. Ankatifunsa kuti kodi chibambo chatsopano chikuyimba m'Mabinguchi n'chochokera kuti. Wina analumbira kuti anachiona ku Katete, chandevu, chikumenya anthu atatu. Mayi aja ali pomwepo ndi dengu lawo la mtedza. Iwo ankangofunsa funso limodzi, ngati kumene achokerako sanakumane ndi mnyamata wamwano.

Outubro analowa ndi kutentha kwake. A Mateyo anayamba kumadzacheza kawirikawiri, kope lili m'khwapa, osatchula kanthu, akungofunsa za thanzi. Abale anagula lumo latsopano n'kuviika chimera. Tsiku lina ndinawauza a Mateyo kuti akabweranso ndi kopelo ndilikulunga fodya, ndipo anandikumbutsa kuti dzina langa nalonso lidzalowamo tsiku lina, adzawerenga ndi iwo. Mpaka lero zimandiwawa.

Lachitatu, kutatsala masiku asanu, a Severino anafika fumbi lokhalokha. Asanazimitse injini anatulutsa kalata pawindo. Anati anapatsidwa ndi mayi wina wogulitsa tomato pamsika wa msasa uja, amene anauzidwa kuti apatse motorisita aliyense wopita ku Cassacatiza. Pamwamba panalembedwa dzina la Sebastião. Tinathamangira kunyumba, anthu anadzaza bwalo, a Mateyo ndi kope lawo ali momwemo, a Feliciana anakakhala kuseri kwa mpanda, Genoveva pakati. Zolemba za Octávio zinali ngati papalasa nkhuku, ndipo amene ankatha kuziwerenga bwino ndi Sebastião yekha, poti ndiye ankakopera mawu a nyimbo zake.

Anayamba wawerenga chamumtima. Ndinaona nkhope yake ikuwala, kenako ikuchita phulusa. Anayang'ana kumpanda, anayang'ananso pepala. Atatero anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, maso ake osayenda ndi mizere. Anati wolembayo akupereka moni waulemu kwa alamu ake okondedwa, ali bwino, kaseti waimva, ndipo woyimba watsopanoyo wayimba mokoma kwambiri, Mulungu amudalitse ndi kumupatsa masiku ambiri.

Amayi ena anayamba nthungululu, koma inafera m'kamwa, chifukwa kuseri kwa mpanda kunali chete. Kenako tinamva a Feliciana akulankhula ndi mawu aang'ono aja amene ndinkadana nawo.

"Genoveva, uwathokoze amuna ako ndi a Severino chifukwa cha chifundo chawo. Kalatayi alemba okha kuti anditonthoze. Mwana wanga sanadalitsepo munthu chibadwire. Ukawauze a Mateyo alembe."

Tinamva akudzuka, mawondo akulira, n'kuyamba kuyenda kulowera kumunda. Genoveva anatembenukira mwamuna wake n'kumuuza kuti awerenge zimene zalembedwazo. Sebastião anati sangathe, muli mawu oti mkamwini akawatulutsa pamaso pa apongozi lilime lingawole, ndipo bola amuthamangitse pamudzi. Genoveva sanakweze mawu. Anangomuuza kuti akapanda kuwerenga, Lolemba amayi ake ametedwa mutu chifukwa cha ulemu wakewo, ndipo lumo adzagwira ndi iyeyo Sebastião.

Sebastião anagwada chofulatira mpanda n'kuwerenga mofuula kuti wakuchokayo amve.

"Sebastião, galu iwe. Ndili moyo. Ndikudula mitengo kumsasa kuno, mwendo umodzi ukutsimphina koma pakamwa pali bwinobwino. Ndamva zimene mwachita ndi nyimbo zanga. Kodi chidakwa chimene mwachiika m'malo mwangacho mwachitola kuti? Mawu ngati ng'ombe yagwera m'chitsime. Nyimbo iliyonse chikulowa mochedwa ngati chimachokera kuchimbudzi. Muchipatse khasu chikalime, kapena muchimangirire kumunda chiziopseza mbalame. Barnaba akumenyabe ng'oma ngati akupha njoka. Ine ndisanafe mwandilowa kale chokolo, anthu opanda manyazi inu. Amayi ngati ali moyo musawamvetse kaseti imeneyi, angadwale nayo. Muwauze kuti ndimadya, ngakhale ndiwo za kuno n'zoipa kuposa zawo."

Sebastião anagwetsa mutu pansi ngati akudikira nkhwangwa. Mapazi aja kuseri kwa mpanda anali ataima kalekale, ndipo tinawamva akubwerera, pang'onopang'ono, mpaka udzu wa mpanda unagwedera pamene anatsamirapo. Kenako kunatuluka phokoso lalikulu, loti sindinadziwe ngati n'kuseka kapena kulira, ndipo ndikhulupirira kuti mwini wakenso sankadziwa. Ine ndinalira poyera, sindibisa, ngakhale kuti za njokazo zinali zabodza. A Mateyo anachotsa kope m'khwapa n'kulikhalira.

Atapeza mpweya, a Feliciana anaitana mwana wawo wamkazi ndi mawu awo onse.

"Genoveva, uwauze amuna ako abwereze. Ayambire pa ng'ombe paja."

Sebastião anapukuta thukuta, anapempha mkazi wake kuti amupepesere kwa amayi, n'kuyambira pa ng'ombe.